Magazi a opaleshoni ya matumbo: asungidwe pambali kapena ayi?

Pamsika wa fodya wa Chinkhoma mungakumane ndi bambo amene mkati mwa malaya ali ndi thumba pamimba. Matumbo ake anapotana, madokotala anadula mbali yowola, ndipo pano akudikira tsiku loti akawalumikize. Opaleshoni imeneyo si yadzidzidzi. Kodi chipatala chimusungiretu mapaketi a magazi, kapena chingoyeza gulu la magazi ake basi?

Amene amati asungidwe sakunama. M'mimba mong'ambidwa kale matumbo amamatirirana, ndipo mtsempha umatha kuduka pomwe dokotala samayembekezera. Nthambi yaikulu yapafupi ya Malawi Blood Transfusion Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, ili ku Lilongwe, ulendo wautali pamsewu wa M1. Magazi akayamba kutayika wodwala ali pathebulo, palibe ambulansi yomwe ingapite n'kubwerako nthawi isanathe. Ndikanakhala mbale wake, nanenso ndikanafuna paketi ikhale pafupi.

Koma paketi ikalembedwa dzina la munthu mmodzi, imakhala masiku awiri kapena atatu wina osaikhudza, chikhalirecho pa opaleshoni yolumikiza matumbo kawirikawiri siifunika n'komwe. Magazi m'filiji amatha ntchito pakati pa masiku 35 ndi 42. Ambiri opereka magazi m'dziko muno ndi ophunzira, choncho sukulu zikatsekera mu Disembala nkhokwe imaphwa. Imeneyo ndi nthawi ya dzinja yomwe malungo amavuta, ana oyera m'manja akudzaza wodi, amayi akutaya magazi pobereka. Iwowa sangadikire mpaka mawa.

Ine ndikuona kuti mwayi wa opaleshoni yokonzekera ndi nthawi. Sabata zingapo tsikulo lisanafike, wodwala ayezedwe kuchuluka kwa magazi, achizidwe malungo ndi njoka za m'mimba, amwe mapiritsi owonjezera magazi. Izi n'zofunika kwambiri kwa anthu ogwira ntchito m'maesiteti, amene chakudya chawo n'choperewera. Gulu la magazi liyezedwe kwa aliyense, koma mapaketi asungidwe pambali kwa okhawo a khansa ya m'matumbo, ochepa magazi, ndi amene dokotala akuona kuti opaleshoni yawo ikhala yaikulu. Paketi yosagwiritsidwa ntchito ibwerere m'nkhokwe tsiku lomwelo.

Inu achibale, dokotala akangotchula tsiku, musadikire kupemphedwa. Pitani mukapereke magazi kudakali nthawi yowayeza.