Mwana wapeza malo kusukulu ya ntchito zamanja, nanga fizi ichokera kuti?



Loweruka lapitali ndikuchoka kuno ku Chikamveka kupita kumsika, ndinakumana ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa mpaka Fomu 4. Anali akukankha njinga yodzaza nkhuni zochokera kuphiri, thukuta lili kamukamu. Dzina lake sinditchula. Titapatsana moni anandiuza kuti chaka chimene analemba MSCE anasankhidwa kukaphunzira zamagetsi pasukulu ina ya ntchito zamanja, koma sanapite. Ndalama ya fizi, ya ulendo, ya ovololo ndi nsapato zogwirira ntchito inasowa. Amayi ake anayesa kugulitsa mbuzi, sizinakwane. Nditamufunsa ngati anapemphako thandizo kwina kulikonse, anandiyang'ana modabwa nati, "Sala, kodi thandizo la zimenezi liliko? Ndimayesa ndi la akuyunivesite okha."

Ndinachita manyazi, chifukwa munthu woyenera kumuuza ndinali ineyo.

Tiyeni tivomereze. Mu sitafurumu nkhani yathu imakhala ya mapointi. Mayina a osankhidwa kupita kumayunivesite a boma akatuluka kuchokera ku NCHE timawerenga kuti athu ndi angati, ndipo ochepawo timawathandiza kulemba mafomu a ngongole kubungwe lobwereketsa ndalama ophunzira a sukulu zaukachenjede, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Zimenezo ndi zabwino. Koma ana ambiri amene timawaphunzitsa safika kumeneko. Iwowa timangowapatsa zotsatira zawo n'kuwauza kuti "muyende bwino."

Chonsecho njira ilipo. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka kubungweli 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo. Ndalama imeneyi ndi yophunzitsira Amalawi ntchito zamanja. Mwana amene wasankhidwa kudzera ku TEVETA amapepukidwa chifukwa mbali ina ya mtengo wa maphunziro ake imalipiridwa, pamene wolowa payekha amasenza zonse. Sukulu zake si zakutali. Nasawa ili m'boma lathu lomwe lino la Zomba, Soche ili ku Blantyre, ndipo zina zili ku Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegulanso sukulu za ntchito zamanja za m'madera. Kumeneku amaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera, umakaniko, zamipope, zamagetsi ndi kusoka.

Vuto ndi lakuti thandizo la kumbali imeneyi silili pakhomo limodzi. Ngakhale mwana asankhidwe, pamatsalabe kagawo ka fizi, chakudya, malo ogona ndi zipangizo, ndipo mwana wa mlimi amagwa pa kagawo komweko. Ayenera kugogoda zitseko zingapo: ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo, khansala kapena phungu wa dera lake pa ndalama za CDF, mpingo kapena mzikiti umene amapemphera, mabungwe ngati CAMFED amene akhala akuthandiza atsikana kuno kwathu kuyambira 2009, ngakhalenso mwini galaja kapena shopu amene angafune mwana woti adzamugwirire ntchito akamaliza. Si zitseko zonse zidzatseguke. Koma safunsa anadya phula.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Teremu yomaliza ya Fomu 4, mayeso asanayambe, sukulu iliyonse ipatule masana awiri kapena atatu ophunzitsa kapemphedwe ka thandizo. Mwana aliyense atuluke pageti ali ndi envelopu yokhala ndi fotokope ya chiphaso cha unzika, kalata ya umboni yochokera kwa ahedi, ndi kalata ya mfumu kapena khansala yofotokoza mmene zinthu zilili pakhomo pawo. Ngati makolo anamwalira, umboni wake ukhalemonso. Zotsatira za MANEB zikatuluka angowonjezeramo.

Ife a Chingerezi ndi Chichewa, m'malo mophunzitsa kalata zopita kwa manijala wongopeka, tiphunzitse kalata yeniyeni yopempha thandizo. Ndawerengapo makalata a ana athu odzaza masamba atatu a madandaulo okhaokha, osanena n'komwe kuti akufuna ndalama zingati. Wowerenga amafuna kudziwa zinthu zochepa: ndiwe yani, wapeza malo kuti, ukaphunzira chiyani, zikufunika zingati, banja lako lingakwanitse zingati, ndipo zatsala zingati. Tsamba limodzi ndi lokwana. Ndipo bodza ayi. Mwana amene walemba kuti ndi wamasiye bambo ake ali moyo amatsekera njira anzake onse a pasukulu yathu.

Ndikudziwa ena mwa inu munena kuti ntchito yathu ndi silabasi, ndipo makalasi ndi odzaza kale. Ndikumva. Koma taganizani, timathera masabata angati pokonzekera mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4, kusonkhetsa ndalama za zakumwa ndi zokuzira mawu? Masana awiri sangatisowe. Enanso amaona ngati kuuza mwana za ntchito zamanja ndi kumunyoza. Koma mawaya a magetsi akapsa m'nyumba, mphunzitsi ndi dipuloma yake amakhala mumdima kudikira mnyamata wa sikuludiraiva, ndipo amamulipira tsiku lomwelo.

Kwa inu ana anga amene muli pakhomo: musadikire kalata yokuitanani kuti muyambe kufunafuna thandizo, chifukwa masiku a pakati pa kalatayo ndi kutsegulira sukulu amakhala ochepa. Mverani wailesi, werengani nyuzipepala, onani tsamba la TEVETA pa intaneti. Munthu akakuuzani kuti mumutumizire ndalama pafoni kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Tsimikizani chilichonse ku ofesi.

Mnyamata uja ndamuuza kuti abwere kunyumba Lamlungu masana ndi mapepala ake onse. Tikhala pakhonde n'kulemba kalata imene tikanalemba kalekale. Aphunzitsi anzanga, aliyense wa ife ali ndi wake wotere. Mufunefuneni.