Tsitsi Likayamba Kuthothoka, Tisathamangire Kuweruza

Sabata ino tiyeni tilingalire za chinthu chimene ambiri amachibisa m'duku, m'chipewa kapena m'wigi: tsitsi lothothoka. Mtsikana akaoneka ndi dazi pamutu, ife sitichedwa kupeza chifukwa. Ena amati ndi mankhwala a ku saluni, ena amati adamutolera tsitsi n'kumulodza, enanso amanong'onezana za "matenda aja". Ife tikuona kuti kuweruza kotereku kumachedwetsa munthu kupita kuchipatala, pamene pa matenda ena kuchedwako kumasiya dazi la moyo wonse.

Mawu akuti chitetezo cha m'thupi tinawazolowera chifukwa cha HIV, imene imachifooketsa. Koma alipo matenda ena amene chitetezocho chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwe chimayenera kuliteteza, ngati mlonda woukira mwini nyumba. Lupus ndi nthenda yotere. Dzinali ndi la Chilatini, lotanthauza mmbulu. Nthendayi siyopatsirana. Mwa anthu 10 odwala lupus ya thupi lonse, pafupifupi 9 ndi akazi, ambiri azaka zapakati pa 15 ndi 45, ndipo imagwira anthu akuda kawirikawiri kuposa azungu. Choncho tikunena za alongo athu a msinkhu wathu womwewu.

Lupus imachotsa tsitsi m'njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwambiri. Njira yoyamba, tsitsi limapyapyala mutu wonse, la pamphumi n'kumathyoka lili lalifupilifupi. Mizu yake imakhala ikadali yamoyo, ndipo nthenda ikagonja ndi mankhwala tsitsi limameranso. Njira yachiwiri ndiyo yotidetsa nkhawa: lupus ya pakhungu, yotchedwa discoid, imabweretsa zigamba zozungulira, zamamba, zimene pakhungu lakuda zimada m'mbali n'kuyera pakati. Zigambazi zimapha mizu ya tsitsi n'kusiya chipsera, ndipo pachipsera tsitsi silimeranso ngakhale mutadzola mafuta odula chotani. Zipsera za kumaso kwa woimba wa ku Britain, Seal, zinadza ndi lupus ya mtundu umenewu. Vuto lake n'lakuti chigamba chotere poyamba chimafanana ndi chipere, ndiye munthu amatha miyezi akupaka mankhwala a zipere, chipsera chili kukula.

Palinso alopecia areata, imene imasiya dazi losalala, lozungulira ngati ndalama yachitsulo, lopanda mamba kapena chipsera. Nthawi zambiri tsitsi limabwerera. Nacho chithokomiro, chija chili pakhosi, chikaukiridwa ndi chitetezo cha m'thupi, tsitsi limapyapyala ponseponse.

Nanga dokotala amasiyanitsa bwanji? Amayamba ndi maso ndi mafunso. Amayang'ana ngati timabowo tomera tsitsi tikuonekabe pakhungu. Ngati tazimiririka, ndiye kuti chipsera chayamba. Amafunsa zimene ifeyo sitingaganize kuti zikukhudza tsitsi: kodi mfundo za m'zala zimapweteka? Kodi mumatopa popanda chifukwa, kutentha thupi pamene malungo sakupezeka, kutuluka zilonda m'kamwa? Kodi dzuwa limakutulutsani totupa, makamaka pamasaya ndi pamphuno mooneka ngati gulugufe? Apa manyazi sathandiza. Tiyenera kunena zonse, ngakhale za mesh yomangidwa molimba ndi mankhwala owongolera tsitsi, pakuti nazonso zimathothola tsitsi, monga momwe kuchepa kwa magazi, chindoko ndi kubereka kumene zimachitira. Dokotala wabwino sathamangira lupus asanaunike zimenezi.

Kenaka amayeza magazi. Chipimo chotchedwa ANA chimaonekera mwa pafupifupi onse odwala lupus ya thupi lonse, koma chimaonekeranso mwa anthu ena abwinobwino, ndipo mwa ambiri a lupus ya pakhungu sichionekera konse. Pepala limodzi la ku labotale silokwanira kugamula. N'chifukwa chake nthawi zina amadula kachikopa ka pamutu, pafupifupi mamilimita 4, kuti akakaunike pa maikulosikopu. Amayezanso mkodzo, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imaposa ya kukongola: lupus imatha kuwononga impso mwakachetechete. Woimba Selena Gomez adaulula mu 2015 kuti ali ndi lupus, ndipo mu 2017 adamuika impso ina.

Wina anganene kuti zipimo zimenezi sizipezeka pachipatala chaching'ono cha kwathu, nanga tivutikirenji? N'zoona, zambiri zimafuna chipatala chachikulu, ndipo ulendo ndi ndalama. Komabe kuyang'ana pamutu, kufunsa mafunso ndi kuyeza mkodzo n'zotheka pafupi, ndipo kalata yotumizira munthu kwa dokotala wa khungu imayambira pomwepo. Amene wakhala kunyumba chifukwa choopa kusekedwa sapeza ngakhale kalatayo.

Mankhwala alipo. Odziwika kwambiri ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja amene dziko la Malawi lidasiya kuchizira malungo mu 1993. Samwedwa mwachisawawa, pakuti womwa nthawi yaitali amayenera kumapimidwa maso. Sachotsa chipsera chimene chakhazikika kale, koma amaletsa zigamba kufalikira, makamaka wodwala akamatetezanso mutu wake ku dzuwa ndi chipewa kapena duku.