Kabudula Wosokedwa Kukhitchini

Amayi anzanga, posankha kaunjika mwina munaonapo kabudula wolembedwa Billabong. Dzinali lili ndi mbiri yomwe ndikufuna magulu athu osoka aimve.

Ku Gold Coast, m'dziko la Australia, achinyamata amakonda kuimirira pa thabwa n'kumatsetsereka ndi mafunde a nyanja yamchere. Mafundewo ndi aukali, moti kabudula wamba sachedwa kung'ambika. Mu 1973 Gordon ndi Rena Merchant anayamba kusoka makabudula a masewerowa pa tebulo la kukhitchini. Gordon naye ankasewera pa mafundepo, ndiye ankadziwa pomwe kabudula amayambira kumasuka. Msoko ankaubwereza katatu, ndipo ankagulitsa m'timasitolo ta m'mphepete mwa nyanja. Ogula oyamba anali anthu a masewero omwewo, oti ulusi ukaduka akanamuuza pamaso.

Ife timalephera apa. Gulu likalandira makina, tonse timathamangira maepuloni ndi nsalu za pa tebulo, poti a parishi ina akusoka zomwezo. Katundu amangodzaza m'kabati kudikira alendo. Chonsecho zosowa zili pakhomo pathu. Monga mzamba, ndimaona mwana wobadwa masiku asanakwane akusowa kachipewa kokwana kamutu kake, pamene kuzizidwa kokha kungamutenge. Mayi ake amafunika nsalu yolimba yomumangira pachifuwa usana ndi usiku. Mtsikana amajomba kusukulu akakhala kumwezi chifukwa alibe mapadi ochapika osadutsa. Ndani amadziwa zimenezi kuposa inu, amene munabereka, munadikirira odwala, munalangiza anamwali?

Mbiri ya Billabong ilinso ndi mbali yowawa. Mu 2000 kampaniyi inayamba kugulitsa masheya, kenako n'kumagula makampani ndi masitolo ena, ngongole ikukwera. Mu 2013 inalengeza kuti yaluza ndalama zoposa madola 800 miliyoni a ku Australia, ndipo mu 2018 inagulidwa ndi eni ake a Quiksilver, omwe inkapikisana nawo. Ine ndimaona kuti inakula mothamanga n'kutalikirana ndi anthu aja a kunyanja.

Choncho musanatenge ngongole ku banki mkhonde yogulira makina achiwiri, tumani amayi awiri ku sikelo yapafupi akafunse anamwino ndi amayi oyembekezera zomwe zikusowa. Sokani zisanu zokha, zigwiritsidwe ntchito mwezi wathunthu, kenako mukazione pomwe zayambira kumasuka.