Chilema cha Konsatina Chinenedwe Ndalama Zisanaperekedwe

Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa mpaka Folomu 4, yemwe tsopano amatsogolera kwaya m'mudzi wina pakati pa Chitedze ndi Mpingu, adagulitsa mtedza wake wa chaka chonse kuti agule konsatina. Adaigula kwa mkulu amene wakhala akuimba naye pa maukwati ndi pa zikondwerero za mpingo. Tsiku la malondawo mkuluyo adaimba nyimbo zitatu zokoma, mnyamata nkuwerenga ndalama. Atafika kunyumba adapeza kuti mabatani atatu salira, ndiponso mpweya ukutayika pangodya pamene padamatidwa ndi guluu wa machubu a njinga. Mkulu uja adaasankha dala nyimbo zolambalala mabatani akufawo. Lero awiriwa sapatsana moni, ndipo konsatina ili duu pamwamba pa kabati.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi akuti pamene oimba agulitsana choimbira chogwiritsidwa kale ntchito, wogulitsa ayenera kutchula chilema chilichonse ndi pakamwa pake ndalama zisanaperekedwe. Zifukwa zake zili m'mbiri ya choimbirachi ndi m'mapangidwe ake.

Kwa owerenga amene sadaionepo, konsatina ndi mbale wake wa akodiyoni, koma ndi yaing'ono. Ili ndi timabokosi tiwiri ta ngodya 6 tokhala ndi mabatani, ndipo pakati pake pali mvukuto wonga wa osula makasu. Charles Wheatstone wa ku England adalembetsa luso limeneli mu 1829, ndipo Carl Friedrich Uhlig wa ku Chemnitz m'dziko la Germany adatulutsa mtundu wake mu 1834. Mtundu wotsika mtengo wochokera ku luso la ku Germany ndiwo udafala kwambiri kummwera kwa Africa, pakati pa Mabunu ndiponso Azulu, Asutu ndi Axhosa ogwira ntchito m'migodi. Kumeneko, m'makomboni a ku Joni, ndiko agogo athu opita pa Wenela adakumana nayo. Pobwerera kwawo ena adanyamula njinga ndi magalamafoni, ena magitala ndi mabanjo, ndipo mwa apo ndi apo wina adabwera ndi konsatina.

Njira imeneyo idatsekeka kalekale. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma lidaletsa kulemba anthu opita kumigodi. Ulendowo udayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, koma udatheratu mu 1988. Motero konsatina iliyonse imene idabwera m'sutikesi ya munthu wa pa Wenela kapena pa Theba yapitirira zaka 35, ndipo zambiri ndi zakale koposa apo. Chinthu cha zaka zotere sichingakhale chopanda nthenda. Wogulitsa amene akuti yake ilibe vuto lililonse, mwina sakuidziwa, mwina akunama.

Nthendazo zimabisala m'kati. Konsatina wamba ya mabatani 20 imatulutsa mawu 40, pakuti batani lililonse lili ndi liwu lina pokankha mvukuto ndi lina pokoka. Liwu lililonse limachokera ku kalilime kachitsulo kamene kamanjenjemera mpweya ukamadutsa. Chinyezi cha dzinja chimachititsa dzimbiri timalilime timeneti mpaka mawu ake kupotoka. Tizikopa totseka mpweya timauma ndi kupindika nthawi yotentha. Timasipuling'i ta pansi pa mabatani timathyoka, ndipo mphemvu zimadya guluu ndi mapepala a mvukuto. Zonsezi sizioneka ndi maso a munthu woima kunja. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena adzati malonda ndi malonda, wogula ali ndi maso ndi makutu ake. Mawu amenewa angamveke pa msika wa Nsundwe kapena wa Nsaru, pamene munthu agula mbuzi kwa mlendo amene sadzamuonanso, ngakhale kuti kumenekonso chinyengo sichiyamikika. Koma oimba konsatina m'dera lathu ndi owerengeka. Wogula lero ndi amene adzakhale pambali pako pa ukwati wa mwezi wamawa, ndipo ndi yemweyo amene udzamupemphe batani kapena kalilime pamene yako yafa. Pamene gitala ikaduka nsambo munthu amapeza ina m'sitolo ku Lilongwe, zitsulo za konsatina kawirikawiri zimachokera m'konsatina ina yakufa imene mnzako adasunga. Wonyenga mnzake wadzitsekera yekha khomo la sitolo yokhayo imene adali nayo.

Palinso kutaya kwina kumene sikuwerengeka ndi ndalama. Chilema chonenedwa chimakonzeka, pakuti wogula amadziwa pamene ayambire, amasungako ndalama zolipira mmisiri, ndipo amafunsa nzeru kwa mwini wakale amene adziwa mbiri ya batani lililonse. Chilema chobisidwa chimapha mtima. Mnyamata wonyengedwa sayesanso kukonza. Amaponya choimbiracho pakabati ndi kulumbira kuti sadzachigwiranso. Mudzi umataya woimba, ndipo choimbira chimene chidapirira ulendo wochokera ku Joni chimathera kwa makoswe.

Wogula naye ali ndi udindo wake. Asamvere nyimbo za wogulitsa zokha, koma atenge konsatinayo m'manja mwake ndi kuliza batani lililonse palokha, pokankha ndi pokoka. Aigwire mbali imodzi ndi kuilendeweza osadina batani. Mvukuto wabwino umatambasuka pang'onopang'ono, pamene wobooka umagwa msanga. Ainunkhize, pakuti fungo la nkhungu limaulula chinyezi. Apemphe kuti atsegule mbali imodzi aone ngati muli dzimbiri. Apite ndi mboni yodziwa kuimba, ndipo agwirizane masiku angapo oyesera, kuti ngati papezeka chilema chimene sichidatchulidwe, katundu abwerere kwa mwini wake ndi ndalama kwa mwini wake. Zimenezi zilembedwe papepala, aliyense asaine. Ubwenzi weniweni suopa pepala. Ndipo wogulitsa akanena zoona, wogula asamulange pogwetsa mtengo mopanda chifundo, kuopa kuti mawa anthu adzaphunzira kuti chilungamo chimaluzitsa.

Aphunzitsi anzathu, nkhani ngati iyi ndi yoyenera kukambidwa m'kalasi, pakuti ana athu akatsiriza sukulu adzagula ndi kugulitsa zinthu zambiri zakale: njinga, mawailesi, mafoni ndi makina osokera. Lamulo lake ndi limodzimodzi. Ndipo kwa mkulu uja, ngati mawu ano amupeza, tikuti: bambo, mlandu suwola. Pitani kwa mwanayo, mubwezeko gawo la ndalama zake, ndipo mukhale naye pansi mumuonetse m'mene amatsegulira konsatina ndi kutsuka timalilime take. Mwina mabatani atatu aja akhoza kuliranso.