Lamulo la Kota Lisauke Kumanda

Alipo ena pakati pathu amene alirabe lamulo lija lotchedwa kota, lakuti ana alowe ku yunivesite monga mwa maboma a kwawo. Iwo ati linali mthunzi wa ana a kumudzi, ndipo afuna kuti libwerere. Ife tikana, abale, ndipo tinena poyera chifukwa chake.

Tikumbutsane mbiri yake. Lamuloli linaikidwa m'masiku a Dr. Kamuzu Banda, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ophunzira ena anakadandaula ku Bwalo Lalikulu la milandu, ndipo mu 1993 bwalo linaligwetsa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika analiutsanso mu 2009, nasungira boma lililonse malo 10. Linathetsedwanso mu 2020.

Olikonda ati maboma ena, makamaka a kumpoto, anatsogola m'maphunziro. Izi nzoona. Dr. Robert Laws anayamba sukulu yaikulu ku Khondowe mu 1894, pamene midzi yambiri ya kwina inalibe ngakhale sukulu ya pansi pa mtengo. Koma kodi mlandu umenewu ngwa mwana wa lero? Tiyerekeze ana awiri okhala pa benchi limodzi ku Zomba, ophunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi. Pa mayeso a Fomu 4 wina apeza mapointi 12, wina 20, ndipo mudziwa kuti wa mapointi ochepa ndiye wapambana. Tsono atengedwa wa 20, wa 12 natsala, chifukwa cha dzina la boma limene makolo ake anachokera. Mphunzitsi adzamuuza chiyani mwana wotsalayo? Kuti analakwa posankha agogo ake? Nanga mwana wa atate a ku Mzimba ndi amayi a ku Dedza, kwawo nkuti? Ife aphunzitsi tiuza ana tsiku ndi tsiku kuti wakhama adzakolola. Lamulo lotere litisandutsa onama pamaso pawo.

Koma choipa chachikulu, chimene inu a kumudzi muyenera kuchilingalira bwino, ndi ichi. Lamulolo linafunsa kwawo kwa mwana, koma silinafunse sukulu imene anaphunzirako. Mwana wa munthu wolemera, wobadwira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene kumudzi afikako pa maliro pokha, analemba boma la makolo ake napikisanira malo a boma limenelo. Anapikisana ndi yani? Ndi mwana wanu, wa ku sekondale yoyendera, amene alawira mbandakucha, ayenda mtunda wautali m'mimba muli zii, nawerenga usiku pa koloboyi. Buku limodzi agawana ndi anzake ambiri, ndipo zipangizo za sayansi aziona pa chithunzi pokha. Pa mpikisano wotere wopambana adziwika mayeso asanalembedwe. Chotero dzina la boma lanu linalowa ndithu ku yunivesite, koma kawirikawiri mwana wanu anatsala pakhomo.

Sitinena kuti kulira kwa maboma otsalira nkopanda pake, ayi. Malo ngochepa, ngakhale tsopano ziliko yunivesite ku Mzuzu, ku Bunda ndi ku Thyolo kuwonjezera pa ija yoyamba, imene inatsegulidwa mu 1965. Koma nkhokwe ikachepa, mwini nzeru akuza munda. Sathamangitsa ana ena pa mphasa yodyera. Kugawa malo monga mwa maboma kunali kotsika mtengo kwa olamulira, pakuti sikunafune njerwa ngakhale imodzi, kapena nyumba ya mphunzitsi, kunangofuna cholembera.

Tsono phungu wa dera lanu akadza kudzapempha mavoti, nakulonjezani kota, musaombe m'manja msanga. Mumfunse za sekondale ya m'dera lanu: aphunzitsi a masamu alipo angati, chipinda cha sayansi chidzamangidwa liti, ndipo atsikana ochokera kutali agona kuti.