Wailesi Sagula ndi Maso

Ndalama za fodya, soya ndi mtedza zikangolowa m'thumba, anyamata a kuno kwa Chiwamba amauyatsa ulendo wa ku tauni, ndipo sabwerako chimanjamanja. Wina malata, wina matayala a njinga, wina kawailesi konyezimira, kokhala ndi tochi, polowetsa memori khadi, kasola kumsana ndi timagetsi tothwanima nyimbo ikamalira. Mu Juni kamasokosa mudzi wonse. Pofika Disembala, nthawi imene mlimi akufunitsitsa kumva za mvula, kali zii pawindo, mphemvu zitaswanamo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana anga, ndalama zikutayika chaka ndi chaka pa chinthu chomwe chikadakhala pakhomo zaka khumi, ndiye tiyeni tikambirane.

Wailesi ya mabatire idafika kalekale m'midzi muno. Bwana wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, adanyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo ya anthu akumudzi. Idatuluka mu 1949, yozungulira, yachitsulo, anthu n'kuitcha Saucepan Special, ndipo inkagulidwa mapaundi 5. Pa imeneyo makolo athu adamva Chinyanja chochokera ku Lusaka. Kenako matchona obwerera kuchokera ku Bulawayo adayamba kubwera ndi ma Supersonic. MBC itayamba mu 1964, m'masitolo mudadzaza wailesi za Nzeru, zolumikizidwa ku Blantyre konkuno. Zonsezi zidalibe tochi, zidalibe nyimbo za m'khadi. Ntchito yake idali imodzi, ndipo eni ake ankazilemekeza: kuzifunditsa kansalu koluka, kuziika pamwamba pa kabati, kutsegula nthawi ya nkhani za m'maboma ndi mauthenga achisoni, kenako kutseka. Mwana wokhudza batani popanda chilolezo ankaona zakuda. Sindikunena kuti tibwerere ku nkhanza zimenezo, koma wailesi zija zinkafika mpaka kwa adzukulu.

Tiyambe ndi mawu amene wogulitsa amakukopani nawo. Amaloza pagalasi pamene palembedwa FM, MW, kenako SW1, SW2 mpaka SW8, n'kumati iyi imagwira dziko lonse. Sakunama kwenikweni. Mafunde a SW amakwera kumwamba, n'kunjanja kubwerera pansi kutali, motero nyumba youlutsira mawu ya kutsidya kwa nyanja imatha kumveka pansi pa mtengo wa mango kwa Chimutu. M'nthawi ya chipani chimodzi imeneyi idali mphamvu yaikulu. Mabishopu a Chikatolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma ija mu Malichi 1992, anthu ankatsitsa mawu usiku, khutu pa sipika, kusakasaka BBC ndi wailesi ya ku South Africa yomwe inkaulutsa m'chinenero chathu, kuti amve zimene MBC sinkanena. Koma nthawi idasintha. Malo oulutsira mawu a ku Meyerton, kumene wailesi ya ku South Africa ija, Channel Africa, inkadutsira pa SW, adatsekedwa mu Malichi 2019. Nyumba zambiri zidasamukira pa FM ndi pa intaneti. Lero mukapotokola pa SW mupeza kufuula kwa mphepo, BBC apo ndi apo, alaliki, Chingerezi, Chifalansa ndi Chiswahili. Amene amakonda zakunja agule ndithu, ndipo adziwe kuti masana amasaka pa mamita 16 ndi 19, usiku pa 31, 41 ndi 49, akupotokola pang'onopang'ono kwambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma inu amene mukufuna mitengo ya mbewu, uthenga wa fetereza ndi zanyengo, musawonjezere ngakhale kwacha imodzi chifukwa cha ma SW asanu ndi atatu. Nkhani zanu zili pa FM: MBC Radio 1, Zodiak yomwe idayamba mu 2005, Radio Alinafe, wailesi ya Nkhoma Synod ndi zina.

Palinso wailesi zina zobwera m'mabelo kapena zotumizidwa ndi abale akunja, zolembedwa kuti ndi zanyengo. Zimenezo adapangira anthu a ku America, kumene bungwe la NOAA lili ndi nyumba zoulutsa zanyengo zokhazokha usana ndi usiku, pa mafunde a cha pa 162 MHz. Kuno nyumba yotero kulibe, choncho batani limenelo ndi chokongoletsa chabe. Zanyengo zathu zimachokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo ku Blantyre, n'kudzera pa wailesi zomwezi timamverapo mpira.

Tsono mukalowa m'sitolo ku Malangalanga kapena pa benchi ya pamsika, maso atsogole pang'ono, makutu atsogole kwambiri. Mu mzinda wa Lilongwe wailesi iliyonse imalira bwino, ngakhale yachabechabe, chifukwa milongoti ili pafupi. Mayeso enieni ali kwanu, m'nyumba ya malata, kudimba kumunsi kwa dambo. Kwa abale athu a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mtunda ndi wotalikirapo, ndiye nkhaniyi ndi yaikulu. Uzani wogulitsa achotse khadi la nyimbo, atsegule FM. Yendani kuchokera pa 88 mpaka pa 108, mukuwerenga nyumba zomwe zikumveka. Wailesi yabwino imalekanitsa nyumba ziwiri zoyandikana. Yoipa imasakaniza mlaliki ndi wolengeza mpira. Kwezani mawu, tsitsani, mumve ngati batani likukhwekhwereza. Gwedezani eriyo patsinde, muone ngati idamangidwa ndi sikuluwu yomwe ingalimbitsidwe. Tsegulani kachitseko ka mabatire kawiri katatu, pakuti kameneko ndiko kamayamba kuthyoka, munthu n'kumamanga wailesi yatsopano ndi mphira wa chubu. Pomaliza mugwirizane kuti ikakakana kugwira kumudzi mudzabweza, ndipo akulembereni lisiti. Safunsa adadya phula.

Funso loposa onse ndi la moto. Wailesi zambiri za masiku ano zili ndi batire lotchaja m'kati. Funsani ngati batirelo limachoka. Ngati ndi laphanthiphanthi longa la mafoni akale a Nokia, lolembedwa BL-5C, kapena lobulungira lolembedwa 18650, mwapeza, chifukwa amenewo amagulitsidwa paliponse pokonzera mafoni. Ngati adalimatira m'kati, dziwani kuti tsiku lomwe batire lidzafe, wailesi nayo yafa. Yabwino koposa ndi yolola njira ziwiri, kutchaja ndiponso mabatire wamba. Mu Januwale mitambo imatha kuphimba dzuwa sabata yathunthu, ndipo kasola kakang'ono ka kumsana kaja sikadzaza kanthu. Mukumbukire Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira: magetsi adavuta miyezi yambirimbiri, ometa ndi otchaja mafoni pa ma trading centre adangokhala manja lende. Amene adali ndi mabatire awiri a Tiger Head m'kabati sadasowe nkhani.

Mabatire omwewo ndiwo amapha wailesi zambiri, moti ndichedwepo pang'ono. Batire wamba likatha mphamvu limayamba kuchucha. Mukatsegula kachitseko mumapeza unga woyera kapena madzi amtundu wa dzimbiri, kasipuling'i katadyeka, ndipo zikafika pa timawaya ta m'kati zatha. Zimachitika kwambiri mukasiya mabatire m'wailesi n'kupita ku maliro kapena ku ganyu kwa milungu ingapo. Chotsani mabatire nthawi zonse pamene wailesi ikhale osalira. Musaphatikize latsopano ndi lakale: lakale limalemetsa latsopano, ndipo ndi lomwe limachucha msanga. Tonse timadziwa mwambo woyanika mabatire padzuwa kapena kuwatswanya ndi mwala kuti alireko madzulo amodzi. Amaliradi pang'ono, koma chikopa chake chikang'ambika, mankhwala amathera m'wailesi, ndipo mwapulumutsa ndalama ya batire n'kutaya ya wailesi. Za ana oluma mabatire ndi mano, zimenezo ziletsedwe lero lomwe. Mukapeza kuti lachucha kale, pukutani ndi kansalu kouma, palani timalata togunda batire ndi kasandipepa mpaka tiwale, kenako sambani m'manja musanagwire nsima. Mabatire otha ntchito musawaponye pamoto, pachitsime kapena pomwe ana amasewera masanje.

Batire lotchaja nalo lili ndi malamulo ake. Limadana ndi kutentha. Anthu amaika wailesi yonse padenga la malata masana a Okutobala kuti sola idye dzuwa, batire n'kufufuma, pulasitiki n'kupindika. Ngati muli ndi sola yapadera, iyo ikhale padzuwa, wailesi ikhale pamthunzi, chingwe chilumikize. Ndipo wailesi yolembedwa mavoti 3, 5 kapena 6 musailumikize mwachindunji ku batire la galimoto la mavoti 12. Imangoti phwa, kautsi n'kutuluka, ndipo wokonza aliyense adzakuuzani kuti mugule ina.

Adani ena ndi a tsiku ndi tsiku. Utsi wa kukhitchini umamata mwaye m'mabatani. Fumbi la Seputembala limalowa m'timabowo ta sipika. Denga la udzu likamadontha, dontho limodzi ndi lokwanira. Wailesi ikanyowa musaitsegule kuti muyese. Chotsani mabatire, iume masiku angapo pamalo odutsa mphepo. Eriyo si chogwirira, ndipo poibweza yambani ndi chigawo chapansi, osakankha kuchokera kunsonga. Ikathyoka, waya wa kopa wotalika ngati mkono wanu umagwira FM bwinobwino. Pa MW eriyo yakunja sigwira ntchito, pakuti yake ili m'kati, kandodo kakuda kokulungidwa waya. Mumatembenuza wailesi yonse mpaka mawu amveke. Ena amakweza waya pansungwi pamwamba pa nyumba kuti agwire nyumba zakutali. Zimathandiza, koma mitambo ikada, chotsani wayayo ku wailesi n'kumuponya panja. Mphenzi imapha anthu chaka chilichonse m'dziko muno, ndipo waya wokwera pamwamba ndi msewu wake wolowera m'nyumba. Pa MW pomwepo, mukamva kuthetheka kwadzidzidzi, khwa, khwa, kumwamba kuli koyera, ndiye kuti kwinakwake kukung'anima. Anulani ufa pamphasa.

Tsopano ndinene ndi abambo anzanga. Wailesi yagulidwa ndi ndalama za mtedza womwe adapalira ndi mayi, koma m'mawa bambo aimangirira pahandulo ya njinga, ulendo wa ku bawo. Imabwera usiku batire litatheratu ndi nyimbo za m'khadi, zomwe pamodzi ndi tochi zimadya moto kuposa nkhani. Mayi akafunsa kuti azanyengo ati chiyani, yankho ndi lakuti ati igwa. Igwa kuti, liti, yochuluka bwanji, osadziwa. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Amene amasunga mbewu, amene amadziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe chifika mwezi uti, ndi mayi. Nthawi ya nkhani ndi ya mapulogalamu a ulimi wailesi izikhala pakhonde, banja lonse lilipo, ndipo mwana wa sukulu azilemba m'kope mitengo yoyambira yomwe boma lalengeza, kuti wavenda akabwera ndi sikelo yake apeze anthu odziwa kale. Achinyamata mudzanena kuti foni ili ndi FM. Ilidi nayo, koma kawirikawiri imafuna mahedifoni, imamvedwa ndi munthu mmodzi, ndipo mwini wake akachoka nkhani zachoka naye.

Kumva zanyengo nakonso kumafuna nzeru. Wolengeza akati mvula igwa m'madera ambiri a m'chigawo chapakati, sadatchule munda wanu. Ikhoza kugwa ku Namitete ndi ku Mpingu, kwa Chiwamba n'kungodutsa mphepo. Apa anthu amafulumira kunena kuti azanyengo ndi abodza, n'kusiya kumvera. Kumeneko n'kulakwa. Chofunika kwambiri kwa mlimi ndi ulosi wa nyengo yonse, womwe amalengeza dzinja lisanayambe, wonena ngati mvula idzachedwe, idzachepe kapena kudukiza. Mu 2023 adachenjezeratu za ng'amba ya El Niño. Ng'amba idabweradi chimanga chili pofuna kumasula, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene adamva chenjezo lija n'kudzala mbewu zocha msanga, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kuwonjezera mbatata ndi chinangwa, adali ndi pogwira. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akulankhula ali ku Blantyre. Chimodzimodzi za namondwe. Freddy adasakaza kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo uthenga wa kubwera kwake udali ukumveka pa wailesi masiku angapo asadafike. Kuno tidapulumuka, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wailesi ikanena, khasu litsimikize. Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala musathamange ndi mbewu yogula modula. Kumbani pamzere, muone ngati chinyezi chalowa kupitirira chikhatho, mumve ngati azanyengo akuti mvula ipitirira masiku akubwerawa, mufunsenso alangizi a zaulimi. Zitatuzi zikagwirizana, dzalani.

Wailesi ikadzayamba kuvuta, musalole mwana aliyense wokhala ndi sikuludiraiva kuti aiphwasule. M'kati muli timasikuluwu tamitundumitundu tomwe adatchuna kufakitale, ndipo wosadziwa amatimanga poganiza kuti tamasuka, wailesi n'kusiyiratu kugwira. Yambani ndi zapafupi: mabatire atsopano, timalata toyera, eriyo yolimba patsinde. Zikakanika, pitani nayo kwa wokonza amene anzanu adamuyesapo, mugwirizane mtengo asadatsegule, ndipo mabatire anu muchotse, mubwerere nawo kunyumba.