Nkhadze inalakwanji?

Mwana wa mlongo wanga, amene wakhala akugwira ntchito ya m'gadeni ku Johannesburg, wabwera ndi timitengo m'chikwama, atatikulunga ndi nyuzipepala yonyowa. Akuti dzina lake ndi viburnum. Kumeneko mabwana ake amabzala chitsamba chimenechi m'malire mwa nyumba n'kumachimeta mpaka chimaima ngati khoma lobiriwira. Anandionetsa zithunzi pafoni, ndipo sindingakane, n'chokongola: masamba okhuthala onyezimira, timaluwa toyera ta fungo lokoma. Chimene chandiwawa n'chakuti pofuna malo obzala timitengoti, wazula nkhadze imene anabzala agogo ake, nkhadze imene yakhala ikutchinga mbuzi pakhomo paja kuyambira iye asanabadwe n'komwe. Nditamufunsa anangoti, "Amalume, nkhadze ndi ya kumanda. Zinthu zinasintha."

Ya kumanda! Inde, makolo ankaibzala kumanda, ndipo ankadziwa chimene akuchita. Ankafuna mtengo woti ukhala wamoyo popanda wouthirira, woti ng'ombe siiuthyola mwachisawawa, woti ngakhale padutse zaka makumi angapo munthu adzalozabe kuti malire ali apa. Milandu ingati ya minda imene mafumu a kwa Kuntaja aweruza poyang'ana mzere wa nkhadze? Poibzala mumangodula nthambi, kuisiya tsiku limodzi kapena awiri kuti utomoni uume, kuizika pansi, basi mwamaliza. Choipa chake tonse timachidziwa: utomoni wake woyera uja ukalowa m'maso, munthu amaona zakuda, n'chifukwa chake ana timawachenjeza akadali aang'ono. Koma madzi siipempha, ndipo kuno kwathu nkhani yaikulu ndi imeneyo.

Viburnum ndi banja lalikulu, mitundu yake imaposa 150, ndipo yambiri kwawo ndi kumaiko ozizira a ku Ulaya, Asia ndi North America. Muno mu Africa imamera yokha kumapiri a Atlas okha, kumpoto kwenikweni. Ku Ukraine kuli mtundu wa zipatso zofiira umene amautcha kalyna, ndipo amaulemekeza monga chizindikiro cha dziko lawo, koma umenewo umafuna chisanu chenicheni kuti uchite bwino. Umene amakonda kupangira mipanda ku Joni unachokera ku Asia. Kutentha umapirira ndithu, koma ludzu ayi, makamaka ukadali waung'ono. Tsono Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, kumene mphepo imaomba yozizira, ndipo pakhomo pa bwana pali mpopi ndi paipi yothirira. Bwalo la ndege la Chileka silifika n'komwe mamita 800. Aliyense amene anayendapo wapansi pa Lirangwe mwezi wa Okutobala masana akudziwa zimene ndikunena. Nthaka imaotcha mapazi, mitsinje imasanduka mchenga wokhawokha, ndipo mvula imene imagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje ife timangoimva mbiri.

Madzi ambiri amene anthu a mumzinda wa Blantyre amathirira kapinga amachokera kutali, mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amawapopanso pa Chileka pompano kuti akwere phiri kukafika m'tauni. Ambiri a ife kumidzi kuno timadalira mjigo. Ndiye taganizirani mnyamata waima pamzere m'mamawa ndi zigubu zinayi panjinga, kumbuyo kwake kuli amayi obereka ana akudikira madzi ophikira phala, iye madzi akewo akukamwetsa mpanda. Ndani mwa inu angaone zimenezi mtima wake n'kukhala m'malo?

Musandimve molakwa, sindidana ndi mbewu zachilendo. Chimanga chimene timalumbirira chinachokera ku America. Mango, nimu ndi chamwamba kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo, koma zinafika kuno n'kugwirizana ndi dzuwa lathu, ndipo lero chamwamba tikuthyola masamba ake kuphika ndiwo. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, akuluakulu anatero. Koma anatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Nkhadze ija inali pamphuno. Viburnum akadali pachala, ndipo mphepo ya chilimwe sinayambe n'komwe.

Popeza timitengoti tabwera kale ndipo ndikufuna tikhale moyo, ndinamuuza zimene ndikudziwa. Asafulumire kutiika pamtetete. Atizike kaye m'machubu a dothi losakaniza ndi mchenga, pamthunzi, mpaka titatulutsa mizu ndi masamba atsopano. Kuwokera adikire mvula ikhazikike mu Disembala. Akumbe maenje akuluakulu motalikirana pafupifupi mita imodzi, athiremo manyowa owolerana bwino, osati ndowe zaziwisi zimene zimaotcha mizu. Asankhe mbali ya nyumba imene imalandira dzuwa la m'mawa koma masana pamakhala kamthunzi. Aphimbire patsinde ndi udzu kuti chinyezi chisathawe, koma udzuwo usakhudze tsinde, ndipo azisuzumira pansi pake kawirikawiri chifukwa chiswe cha kuno sichigona. Pothirira, kuli bwino kuthira madzi ambiri kamodzikamodzi kuti mizu itsike pansi kusiyana n'kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Madzi otsukulutsira mbale ndi osambira, bola asakhale a sopo wambiri, ndiwo ayenera kupita kumeneko, osati a pamjigo ongotunga kumene. Nsonga azidula msanga kuti chitsamba chichite nthambi kuyambira pansi, apo ayi chidzakhala miyendo yokhayokha, nkhuku n'kumadutsa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mpanda watsopanowu ufunika mpanda wina wa minga woutchinjiriza ku mbuzi, ntchito imene nkhadze inkagwira yokha.

Palinso china chimene sindinamubisire. Basi ya ku Joni imalowera pa Mwanza, kudzera pa Zalewa, Lirangwe ndi Lunzu, itasenza katundu wosaneneka, ndipo m'katundumo anthu amabisa mbewu ndi timitengo. Lamulo limafuna chilolezo cha a zaulimi munthu asanalowetse chomera m'dziko, ndipo si lamulo longovutitsa anthu. Funsani alimi a ku Thyolo zimene chisaka chinachita ku nthochi zawo, matenda amene amayenda ndi mphukira zimene anthu amapatsana mwachikondi. Namasupuni amene amatseka makina a magetsi pa Nkula kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake. Lantana, chitsamba chija cha timinga ndi timaluwa tamitundumitundu chimene chadzaza m'mbali mwa misewu ndipo chimadwalitsa ng'ombe, nachonso chinayamba ngati duwa la pakhomo.

Koma nthenda yathu yeniyeni ndi yokonda kubzala, osati kusamala. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timati ndi nyengo yobzala mitengo. Akuluakulu amabwera ndi magalimoto, amagwira khasu latsopano, amajambulitsa, ana asukulu amaimba, ndipo timamva kuti mbande zabzalidwa zochuluka zedi. Pitani pamalo omwewo mu Novembala mukawerenge zimene zatsala. Palibe amene anafunsa ngati mtengowo ukugwirizana ndi dothi la pamenepo, palibe amene anapatsidwa udindo wolambula udzu kuti moto usadutse, palibe amene anaganiza za mbuzi zimene timazimasula tikangokolola. Phiri la Michiru likumetedwa ndi makala ife tikuona, ndipo Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa zimene madzi amachita akapeza phiri lopanda chogwira dothi.

Anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu wa ku Chileka ndimawalemekeza, amadya thukuta lawo. Ndikungowapempha kuti wogula akaloza kamtengo, azimufunsa kaye kumene akukhala ndi kumene amatunga madzi. Wa ku Namiwawa kapena ku Bvumbwe mugulitseni viburnum wakeyo. Wa ku Lirangwe muonetseni nimu, chamwamba, bwemba, masau, udzu wa vetiva wogwira nthaka, ndipo pambali pa machubu a maluwawo muikepo mtolo wa nthambi za nkhadze, muuike mtengo wake monga katundu wina aliyense.